Malipiro amandithera pakati pa mwezi: kodi ndisiye khadi, ndizigula ndi ndalama ya m'manja?

Mayi wina wogwira ntchito pa boma la Mangochi walemba kuti: "Ndimalandira K450,000 pamwezi akachotsa msonkho, koma pofika pa 15 ndimakhala ndilibe kanthu. Kubanki anandipatsa khadi ya ngongole ndipo pano ili ndi ngongole ya K600,000. Mwezi uliwonse ndimapereka K30,000 koma sikutsika. Ndili ndi ngongole ina ya pafoni ya K40,000, komanso kabuku ka K35,000 ku okala ya pafupi ndi kwathu. Alamu anga akuti ndisiye khadi ndi foni, ndizigwira ndalama m'manja basi. Koma ndikuopa akuba, ndiponso abale akaona ndalama m'nyumba sachedwa kubwera ndi mavuto awo. Kodi zimenezi zingandithandizedi?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Ngongole zanu zonse pamodzi ndi K675,000, ndiye kuti ndi malipiro a mwezi umodzi ndi theka. Ngongole yotere imatha, ndipo mukagwira bwino mwezi ndi mwezi ikhoza kutha m'chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Alamu anu anena zoona, koma sanamalize. Ndalama ya m'manja imathandiza pa zinthu zimene mumagula tsiku ndi tsiku, kumene ndalama imadontha osaiona. Pa lendi, fizi ndi ndalama yosunga, kugwira kashi kumangowonjezera chiopsezo. Choncho funso lenileni ndi lakuti ndi ndalama iti itsike m'manja ndipo ndi iti isafike n'komwe m'nyumba.

Tiyambe ndi chifukwa chake khadi imakudyerani. Mukatulutsa K5,000 m'chikwama n'kupereka, dzanja limamva, maso amaona kuti chikwama chapepuka, ndipo mtima umafunsa ngati chinthucho n'chofunikadi. Mukaswaipa khadi kapena kutumiza pafoni, mumangolemba PIN. Kulemba PIN pogula za K3,000 ndi pogula za K80,000 n'chimodzimodzi, palibe pamene thupi likukuchenjezani. Khadi ya ATM wamba ili ndi vuto limeneli, komabe ili ndi malire, chifukwa ndalama ikatha mu akaunti makina amakana. Khadi ya ngongole ndiye ilibe pokanira mpaka mutafika pa mulingo umene banki inakuikirani, ndipo mulingo umenewo anthu ambiri amauwerenga ngati ndalama yawo. Si yanu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tsopano chimene chikuchititsa kuti K600,000 isatsike. Chiwongoladzanja chenicheni cha khadi yanu chalembedwa pa sitetimenti, ndipo mukachione lero lomwe. Pofuna kuwerengera, tiyerekeze kuti ndi 3 peresenti pamwezi. Pa K600,000 chimenecho ndi K18,000. Ndiye pa K30,000 imene mumapereka, K18,000 ikupita ku chiwongoladzanja, yochepetsa ngongole ndi K12,000 yokha. Mukaswaipanso za K12,000 mwezi womwewo, mwabwerera pomwe munali. Ngakhale mutasiyiratu kugula ndi khadiyo n'kumapereka K30,000 osaphonya, zingakutengereni miyezi pafupifupi 31, ndipo mudzakhala mutapereka cha m'ma K930,000. Mutakweza kufika pa K60,000 pamwezi, ngongoleyo ikutha m'miyezi 12 kapena 13, ndipo yonse imene mwapereka ndi cha m'ma K725,000. Kusiyana kwake kukuposa K200,000, ndalama ya fizi imeneyo. Kandalama kochepetsetsa kamene banki imalemba kuti mupereke ndi kongokutetezani ku chindapusa cha kuchedwa, sikanakonzedwe kuti kakutulutseni m'ngongole msanga.

Pali zina ziwiri za khadi ya ngongole zimene ambiri sauzidwa bwino. Masiku aja amene amati mulibe chiwongoladzanja amagwira ntchito kwa munthu amene amabweza ngongole yonse ya pa sitetimenti tsiku lisanakwane. Kwa inu amene mukusiya ina, nthawi zambiri chilichonse chatsopano chimene mwagula chimayamba kubereka chiwongoladzanja. Chachiwiri, musayerekeze kupita pa ATM kukatapa kashi ndi khadi ya ngongole n'kumati mwayamba kugwiritsa ntchito ndalama ya m'manja. Kutapa kotero kumakhala ndi chindapusa chakechake ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Kashi amene tikunena pano ndi wochokera pa malipiro anu.

Ngongole ya pafoni imaoneka yaing'ono koma ndiyo yoluma kwambiri. Tinene kuti pa K40,000 akulipiritsani K4,000 kuti mubweze pakatha sabata. Mukabweza n'kukongolanso, n'kumachita choncho sabata iliyonse, pamwezi mwataya K16,000, yomwe ndi 40 peresenti ya ndalama imene munabwereka. Choipa china n'chakuti ndalama iliyonse imene yalowa pa nambala yanu ikhoza kudulidwa musanaigwire, ngakhale itakhala imene m'bale wa ku Joni watumiza kuti mugulire agogo mankhwala. Katapila ndiye osayandikira n'komwe. Kumeneko ena amafuna theka pamwamba pakutha pa mwezi, ena amafuna mubweze kawiri.

Nayi njira yogawira K450,000 ija. Manambala ndi oyerekeza, muikemo anu enieni. Tsiku limene malipiro alowa, musanapite kumsika, lipirani zinthu zimene mtengo wake umadziwika kale ndipo muzilipire kudzera kubanki kapena pafoni: lendi K80,000, mayunitsi a ESCOM K20,000, bilu ya madzi ya Southern Region Water Board K10,000, ngongole K60,000. Patulani K50,000 ya fizi ndi K20,000 ya mwadzidzidzi, ndipo ziwiri zimenezi zipite ku akaunti ina yopanda khadi, kapena ku SACCO ngati muli membala. Apa pachoka K240,000 imene dzanja lanu silinaikhudze. Eni nyumba ena amakana za pafoni, amafuna kashi. Ngati anu ali otero, gulani kabuku koti azisainamo mwezi uliwonse, tsiku ndi ndalama zilembedwe, chifukwa kashi sasiya umboni ndipo mikangano yambiri ya lendi imayambira pamenepo.

Yotsala ndi K210,000, ndipo imeneyi ndiyo itsike m'manja. K90,000 ipite tsiku limodzi ku zinthu za mwezi wonse: chimanga ndi chigayo, mafuta ophikira, shuga, sopo, mchere, thumba la makala. Lembani mndandanda kunyumba, tengani ndalama yokwana mndandandawo, khadi musiye. Mafuta a mu timapepala ta tsiku ndi tsiku ndi makala a pa mulu zimadula kuposa kugula botolo kapena thumba, ndipo n'zimene zimakulitsa kabuku ka ku okala. K120,000 yotsalayo igaweni m'maenvelopu olembedwa dzina: ndiwo ndi za tsiku ndi tsiku K75,000, kabaza K20,000, abale ndi maliro K15,000, yanu K10,000.

Pa envelopu ya ndiwo ndi pamene anthu amalakwitsa kawirikawiri. Amagawa ndalama panayi poganiza kuti mwezi uli ndi masabata anayi, kenako masiku awiri kapena atatu omaliza amapezeka alibe kanthu, ndipo ndi masiku omwewo amene munthu amathamangira ngongole ya pafoni. Gawani ndi masiku 30. K75,000 ikupereka K2,500 patsiku. Mmawa tengani K2,500 yokha. Tsiku limene mwadya nyemba kapena masamba a m'dimba n'kutsala K800, ibwerere mu envelopu, ndiyo idzagule nsomba yabwinoko Loweruka kapena Lachisanu. Malipiro akamachedwa kuntchito kwanu, gawani ndi 33, muzikhala ndi masiku atatu a pambali.

Kanthu kena kooneka kakang'ono koma kofunika: mtundu wa ndalama. Kuyambira mu 2022 pamene K5,000 inatuluka, ma ATM amakonda kupereka ndalama zikuluzikulu. Aliyense akudziwa kuti K5,000 ikangosinthidwa, tchenje chake sichifika madzulo, chimathera mandasi, mayunitsi ndi mwana wa aneba. Lowani mkati mwa banki kapena pemphani ejenti akupatseni ma K500 ndi ma K1,000, kuti ya tsiku lililonse ikhale yowerengeka kale. Envelopu ya "yanu" ija musaichotse poganiza kuti mukudzilimbitsa. Munthu amene wadzimana chilichonse amapirira masabata awiri, sabata yachitatu amakaswaipa nsalu ndi nsapato tsiku limodzi. K10,000 imeneyo ndi ya tsitsi, bandulo ya intaneti kapena chilichonse chimene mtima wafuna, popanda kudzifunsa mafunso.

Lamulo la maenvelopu ndi limodzi: envelopu ikatha, yatha. Ya kabaza ikatha pa 24, muyende pansi kapena mutenge ku envelopu yanu, osati ku ya ndiwo, ndiponso osati pafoni. Mwezi woyamba mudzalakwitsa kagawidwe, zimenezo n'zachidziwikire. Lembani kuseri kwa envelopu chilichonse chimene mwatulutsa, ndipo mwezi wachiwiri mukonze manambala potengera zimene mwaona. Envelopu ikamatha msanga miyezi iwiri yotsatizana, vuto si inu, ndalama imene munaika ndi yochepa.

Za akuba mwanena zoona, ndipo si akuba okha. Ndalama ya pepala imapsa ndi moto, chiswe ndi makoswe zimaidya, ndipo nthawi ya mvula madzi akalowa m'nyumba, monga zimachitikira m'madera a m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe, imawonongeka. Ikabedwa palibe amene angakubwezereni. Choncho musatenge K120,000 yonse tsiku limodzi. Tapani ya sabata imodzi kapena ya masabata awiri. Apa pali kuyeza, chifukwa kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake, kaya ndi pa ATM kaya kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ATM ya banki ina imadula kuposa ya banki yanu. Kutapa K3,000 tsiku lililonse n'kutaya ndalama pa zolipiritsa. Kawiri pamwezi ndiye pabwino kwa anthu ambiri: m'nyumba simukhala ndalama yoposa K60,000, ndipo zolipiritsa n'zochepa. Werengani ndalama muli pa kauntala pomwepo, osakawerengera panja. Sinthani masiku ndi nthawi yokatapa. Kunyumba ikani m'kachitini kotseka bwino kapena m'pulasitiki, pamalo okwera, osati pansi pa matiresi pamene wakuba aliyense amayambira. Ulendo wa ku Limbe kukagula katundu wambiri, ndalama iyende pa akaunti kapena pafoni, mukatape mukafika. Ndalama ikang'ambika kapena kunyowa musaitaye, pitani nayo kubanki akaione ngati ingasinthidwe.

Musasungenso ndalama yambiri ngati kashi kwa miyezi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali ndi ndalama m'chitini anaona okha zimene zinachitika pa mitengo. Kashi ndi wogwiritsa ntchito mwezi uno. Za kutsogolo, monga chimanga cha chaka, n'kwabwino kugula nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi n'kuthira mankhwala, kusiyana ndi kusunga ndalama yodzagulira mu January.

Nkhani ya abale ndi yovuta kuposa ya akuba, chifukwa m'bale simungamutsekere chitseko. Kuno kwathu maliro, sadaka, odwala ndi zinamwali za nthawi ya holide sizipempha chilolezo, ndipo munthu wa pantchito ndiye amayang'anidwa. Envelopu ya abale ndiyo yankho lake. Mukapereka kuchokera mmenemo mumapereka ndi mtima woyera, ndipo ikatha mumatha kunena zoona kuti "ya mwezi uno yatha, achimwene, tionane mwezi wamawa." Chimene chimakulowetsani m'mavuto ndi kukhala ndi khadi imene ingatulutse ndalama nthawi iliyonse, chifukwa pamenepo simungathe kunena kuti mulibe, mumakongola kuti muthandize. Ndalama ya envelopu imeneyi ikatsala, isasamukire ku ndiwo. Iunjikane, chifukwa mwezi wa maliro awiri ukubwera. Chimodzimodzi Eid kapena Khrisimasi: nyengo yake imadziwika chaka chisanayambe, ndiye kuika K5,000 pambali mwezi uliwonse kumakupatsani K60,000 ya zovala za ana popanda kukongola. Ngati muli pabanja, bambo a kunyumba adziwe za maenvelopuwa ndipo mugwirizane. Njira imeneyi siyenda ngati wina akutsekera, wina akutsegula usiku.

Pobweza ngongole zitatu zija, yambani ndi yodula kwambiri. Mwezi woyamba perekani K30,000 ku khadi kuti musalipire chindapusa, ndipo K30,000 inayo muphatikize ndi K20,000 ya mwadzidzidzi mutseke ngongole ya pafoni yonse, pamodzi ndi zolipiritsa zake. Ikatha musaitengenso. Mwezi wachiwiri tsekani kabuku ka ku okala. Kabukuko mwina kalibe chiwongoladzanja, koma kali ndi mtengo wake: simungatsutse mtengo kwa munthu amene akukukongozani, ndipo ana akazolowera kukatenga zinthu "pa dzina la amayi" simudziwa kuti zalembedwa zingati. Mukalipira uzani mwini okala mwaulemu kuti asaperekenso kanthu popanda ndalama. Kuyambira mwezi wachitatu K60,000 yonse ipite ku khadi, ndipo pemphani banki izidula yokha tsiku lotsatira malipiro. Ndalama iliyonse yobwera mwapadera, kaya alawansi kaya maariyazi, theka lake liponyeni komweko.

Khadiyo musaiyende nayo. Ena amaidula ndi lumo, ndipo palibe cholakwika, koma dziwani kuti kudula pulasitiki sikutseka akaunti, ngongole ndi zolipiritsa zapachaka zimapitirira. Pitani kubanki mukapemphe kuti atsitse mulingo wa khadiyo, ndipo muziutsitsa pamene ngongole ikutsika. Fufuzani ngati nambala yake munailemba pa intaneti penapake pamene amadula okha mwezi ndi mwezi, makamaka zolipira m'madola, chifukwa zimenezo zimakwera kwacha ikagwa. Funsaninso ngati angasandutse K600,000 ija kukhala ngongole wamba yobweza ndalama yofanana mwezi uliwonse. Muvomere pokhapokha chiwongoladzanja chili chotsika, akuuzani ndalama yonse imene mudzakhale mutapereka pomaliza kuphatikiza inshulansi ndi zolipiritsa, ndipo khadiyo atseka tsiku lomwelo. Kupanda kutseka, pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzakhala ndi ngongole ziwiri. Mukamaliza kubweza, tengani kalata yotsimikiza kuti akaunti yatsekedwa ndipo mulibe ngongole. Kuyambira pamene lamulo la Credit Reference Bureau linakhazikitsidwa mu 2010, mbiri ya kabwezedwe ka ngongole imasungidwa ndipo mabanki amaiona, ndiye kalatayo idzakuthandizani ngati dzina lanu litalembedwa molakwika.

Banki m'khonde ndi chipereganyu ndi zabwino posunga, chifukwa anzanu amakukakamizani kuponya ndipo ndalama simungaitenge nthawi imene mwafuna. Koma musakongole ku banki m'khonde kuti mubweze khadi musanawerengere. Magulu ambiri amalipiritsa 10 kapena 20 peresenti pamwezi, kuposa khadi kutalitali, ngakhale kuti gawo lina limakubwererani pogawana kumapeto a chaka. Kwa owerenga achisilamu amene safuna kukhudzana ndi riba (chiwongoladzanja), njira ya maenvelopu ndi chipereganyu chopanda chiwongoladzanja zimagwirizana bwino ndi chikhulupiriro chawo.

Owerenga ena si a malipiro a pamwezi. Wogulitsa usipa ndi utaka wochokera ku Makawa, Msaka kapena Malindi amagwira kashi tsiku lililonse, koma naye ndalama imamuthera, umboni wakuti kashi payekha si mankhwala. Kwa iwowa chofunika ndi zikwama ziwiri, cha mpamba ndi cha pakhomo, ndipo mwini bizinesi azidzilipira ndalama yofanana tsiku lililonse kaya malonda ayenda kaya ayi. Phindu la miyezi yabwino lisungidwe kuti lidzadyedwe nthawi ya mwera, pamene asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi, ndi miyezi ya kumapeto a chaka pamene usodzi wina umatsekedwa kuti nsomba ziswane.

Pali nthawi imene maenvelopu sakwanira ndipo muyenera kufuna thandizo. Ngati ndalama yobweza ngongole zonse ikufika theka la malipiro anu, kapena mukukongola kwina kuti mubweze kwina, pitani kubanki musanaphonye mwezi, mukapemphe kukambirana za kabwezedwe katsopano. Banki imamva bwino munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi amene yachita kumusaka. Mukaona kuti akudulani ndalama zimene simukuzimvetsa, lembani kalata ya dandaulo kubankiko, sungani kope lodindidwa, ndipo ngati sakukuyankhani mokhutiritsa kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama. Ngati wakatapila akusunga khadi yanu ya ATM, PIN kapena chitupa cha unzika, pitani kubanki mukatsekere khadiyo n'kutenga ina, ndipo funsani uphungu ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani za malamulo. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopitirira muyezo. Akakuopsezani kapena kulanda katundu mwankhanza, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi.

Ngati ndalama ikuthera kubetcha pafoni, kaya ndinu kaya wina wa m'nyumbamo, maenvelopu adzangotsegulidwa. Pamenepo ndalama ya pakhomo isunge munthu wina wodalirika, ndipo wobetchayo alankhule ndi aphungu kapena mtsogoleri wa kumpingo kapena kumzikiti. Ndipo ngati ngongole yafika pokusowetsani tulo, kudya kwasiya, kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka, musadikire kuti mwezi uthe. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena chipatala chilichonse cha pafupi mukapemphe kuonana ndi a zaumoyo wa m'maganizo.

Kwa inu, Mayi, zimene mwalemba sizinafike pamenepo. Musanalandire malipiro a mwezi uno, pitani kubanki mukatenge sitetimenti ya khadi ya miyezi itatu yapitayi, muonenso mndandanda wa zimene mwatumiza pafoni. Lembani chizindikiro pa chilichonse chimene simukukumbukira kuti munagula chiyani. Ndalama imeneyo mukaiphatikiza, ndiyo ikuuzeni ngati K60,000 ya ku khadi ingakwere kufika pa K70,000 kapena K80,000.